Chigamulo cha ku Johannesburg chitatipeza pa Dedza

Atsibweni anga akhala akugula ndi kugulitsa mbewu pa boma pa Dedza kuyambira ine ndili mwana, ndipo nditamaliza maphunziro a zowerengera ndalama anandiitana kuti ndizisunga mabuku a bizinesi yawo. Nyengo yokolola ikafika timatumiza anyamata ndi masikelo ku Lobi, ku Linthipe ndi pa Chimbiya kukagula soya, nyemba ndi mtedza, ndipo zambiri mwa mbewuzi timazigulitsa ku makampani a ku Lilongwe. Chaka china kampani ina ya ku Johannesburg inafuna soya wambiri pa mtengo wa madola, ndipo inatumiza kontirakiti ya masamba angapo kuti tisaine. Atsibweni anayang'ana mtengo, kuchuluka kwa matani ndi tsiku lopereka katundu, basi n'kusaina. Ine ndinawerenga masamba onse, koma ndiyenera kuvomera kuti ndime ya kumapeto, yonena kuti mkangano uliwonse udzaweruzidwa ku Johannesburg mwa njira ya arbitration, yomwe ndi kuweruzidwa ndi munthu wapadera osati khoti, potsatira malamulo a dziko la South Africa, ndinangoidutsa monga mmene munthu amadutsira timalemba ta pa paketi ya mankhwala.

Zinthu sizinayende. Mtengo wa soya unakwera tisanamalize kugula, mavenda a malole anakokolola mbewu m'midzi ndi ndalama zapamanja, ndipo alimi amene tinkawadalira anagulitsa kwa amene ankawapatsa zambiri, zimene sindingawadzudzule nazo. Tinatumiza pafupifupi theka la katundu amene tinalonjeza. Kampaniyo inagula wotsalayo kwina pa mtengo wokwera, n'kutilembera kuti tiibwezere ndalama zimene inaonjezera. Makalata ankabwera pa imelo imene ndinatsegula ine mwini, yomwenso inalembedwa m'kontirakiti monga keyala yathu. Ndinkawasindikiza n'kuwaika patebulo pa atsibweni: yotidziwitsa kuti mlandu wayambika, yotipempha maganizo athu pa munthu amene adzaweruze, yotipatsa masiku oti tiyankhe, ndi yotchula tsiku lomva mlandu. Yankho lawo silinkasintha. "Mphwanga, zisiye zimenezo. Mlandu wa ku Joni uthera ku Joni komweko. Akafuna ndalama zanga abwere pano pa Dedza, adzandiyang'ane m'maso."

Chigamulo chitatuluka chinabweranso pa imelo yomweyo. Chinatilamula kulipira chipukutamisozi m'madola, chiwongoladzanja chowerengedwa mpaka tsiku lomaliza kulipira, ndi ndalama zonse zimene kampaniyo inaononga poyendetsa mlandu. Nachonso chinalowa m'dilowa. Patapita miyezi yochuluka, m'mawa wina wozizira, kunyumba yathu yosungiramo katundu kunafika munthu ndi zikalata zochokera ku nthambi yoona za malonda ya khoti lalikulu ku Lilongwe. Kampaniyo inali italemba loya wa kuno kwathu kuti apemphe khoti livomereze chigamulocho ndi kuchipatsa mphamvu zofanana ndi chigamulo cha jaji wa m'Malawi muno. Chodabwitsa n'chakuti atsibweni sanaoneke odandaula kwenikweni. Anati tsopano nkhani yafika pabwalo loyenera, pamene adzafotokoze m'chilankhulo chawo za mavenda, za mitengo ndi za alimi, ndipo jaji wodziwa mmene malonda a mbewu amayendera kuno adzawamvetsa.

Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Kwathu mlandu ukakanika kwa nyakwawa umapita kwa agulupu, ukakanikanso umakwera kwa mfumu yaikulu, ndipo pa bwalo lililonse munthu amakhala pansi n'kuyambiranso kufotokoza kuchokera pamene mkangano unayambira. Mboni zimaitanidwanso, ndipo amene sanabwere pa bwalo loyamba amafunsidwa chifukwa chake, n'kupatsidwa mpata wolankhula. Atsibweni ankaona khoti la ku Lilongwe ngati bwalo la mfumu yaikulu, ndipo woweruza wa ku Johannesburg ankamuona ngati nyakwawa wa mudzi wina amene anagamula mwini nkhani kulibe. Aloya amene tinakawaona ku Lilongwe, mayi odekha amene akhala pa milandu ya zamalonda kwa nthawi yaitali, anawamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati: "Bambo, zonse mwanenazi n'zomveka, koma jaji sadzakufunsani ngakhale chimodzi mwa izo. Khoti lino silidzafunsa ngati woweruza uja analondola kapena analakwa. Lidzangofunsa ngati pali chifukwa chovomerezeka chokanira chigamulo chake, ndipo zifukwazo n'zowerengeka."

Zimene anatifotokozera tsiku limenelo ndi masiku otsatira ndazilemba pano chifukwa ndikudziwa kuti amalonda ambiri a kuno, ogulitsa mbewu ndi oitanitsa katundu podzera pa chipata cha Dedza kapena cha Biriwiri, amasaina mapepala a mtundu womwewu. Arbitration ndi njira imene anthu awiri ochita malonda amagwirizana pasadakhale kuti akadzakangana sadzapita kukhoti, koma kwa woweruza wapadera, mmodzi kapena atatu, wosankhidwa ndi iwo eni kapena ndi bungwe limene alitchula. Woweruzayo si jaji wa boma ndipo alibe apolisi kapena masherifu. Mphamvu ya chigamulo chake imachokera ku pangano la maiko limene linakhazikitsidwa ku New York pa 10 Juni 1958 pansi pa bungwe la United Nations, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1959. Maiko oposa 170 analowa m'panganoli, ndipo lililonse linalonjeza kuti makhoti ake azivomereza zigamulo zotere zochokera m'maiko ena. South Africa inalowa mu 1976, Mozambique mu 1998, Zambia mu 2002. Malawi linachedwa kwambiri, chifukwa linalowa pa 4 Malichi 2021 monga dziko la nambala 167, ndipo panganolo linayamba kutimanga pa 2 Juni chaka chomwecho.

Apa ndinamvetsa kuti mawu a atsibweni akuti mlandu wa ku Joni uthera ku Joni analiko ndi choonadi pang'ono m'mbuyomu. Kwa zaka zambiri dziko lino linkayendera lamulo la Arbitration Act la mu 1967, lomwe linatengera lamulo la ku England la mu 1950, ndipo pa zigamulo zakunja linkadalira pangano lakale la ku Geneva la mu 1927. Pansi pa pangano lakalelo mtolo unali pa wopambana, amene ankayenera kusonyeza yekha kuti chigamulo chinafika pomaliza m'dziko limene chinaperekedwa. Pangano la New York linatembenuza mtolowo. Wopambana amangopereka kukhoti chigamulo chenicheni kapena kope lake lotsimikizidwa, pangano lolembedwa losonyeza kuti awiriwo anagwirizana za arbitration, ndi kumasulira kovomerezeka ngati zikalatazo zili m'chilankhulo china. Akatero wamaliza mbali yake, ndipo wogonja ndiye ayenera kubweretsa umboni wakuti chigamulocho chisagwire ntchito. Lamulo latsopano la International Arbitration Act, limene aphungu analivomereza kumapeto kwa 2023 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2024, linalowetsa dongosolo limeneli m'malamulo athu potengera chitsanzo chimene UNCITRAL, bungwe la United Nations loona za malamulo a malonda, linakonza mu 1985.

Aloya anayamba ndi zinthu zosavuta kuzifufuza. Polowa m'panganolo dziko la Malawi linaika malire atatu: kuti lidzavomereza zigamulo zochokera m'maiko okhawo amene nawonso ali m'panganomo, kuti nkhani yake ikhale ya zamalonda malinga ndi malamulo athu, ndiponso kuti panganolo silidzabwerera m'mbuyo kukagwira zinthu zakale dzikoli lisanalowe. Pa zitatu zonsezi panalibe potulukira, chifukwa South Africa ndi membala wakalekale, soya ndi malonda, ndipo kontirakiti yathu inasainidwa 2021 itadutsa. Zikalata za kampaniyo zinalinso zokwanira, zodindidwa bwino.

Kenako anatiuza za njira imene tinaitaya osadziwa kuti ilipo. Wogonja pa arbitration ali ndi njira ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi kupita ku khoti la dziko limene mlandu unaweruzidwira n'kulipempha kuti lifafanize chigamulo, ndipo khoti limenelo lokha ndilo lili ndi mphamvu yotero. Jaji wa ku Lilongwe sangafafanize chigamulo cha ku Johannesburg. Njira imeneyi ili ndi nthawi yake: ku South Africa, kumene lamulo lawo la mu 2017 linatengeranso chitsanzo cha UNCITRAL, munthu amakhala ndi miyezi itatu kuchokera tsiku limene walandira chigamulo, ndipo ku England ndi masiku 28 okha. Miyezi yathu itatu inathera m'dilowa muja. Njira yachiwiri ndi kudikira wopambana kuti abwere kumene kuli katundu wako, n'kupempha khoti la kwanu kuti likane kumuthandiza. Ukapambana pa njira imeneyi chigamulo chimakhalabe chamoyo, ndipo mwini wake atha kuchinyamula kupita nacho dziko lina lililonse kumene uli ndi ndalama kapena katundu. Kwa ife izi sizinali nkhambakamwa, chifukwa malole a atsibweni amawoloka malire kulowa m'Mozambique kawirikawiri.

Zifukwa zokanira zili m'ndime yachisanu ya pangano la New York. Zisanu amayenera kuzitchula ndi kuzitsimikiza wogonja, ndipo ziwiri khoti litha kuziona lokha. Mawu a ndimeyo amanena kuti khoti lingakane pokhapokha chimodzi mwa zifukwazi chilipo, kutanthauza kuti jaji saloledwa kuonjezerapo chake, ngakhale atamumvera chisoni chotani munthu amene waima patsogolo pake.

Choyamba ndi chakuti pangano la arbitration linali losavomerezeka, kapena kuti mmodzi wa osaina analibe mphamvu zotero pamaso pa lamulo. Chifukwa chimenechi chinapambanapo pa mlandu wodziwika wa kampani ya Dallah ya ku Saudi Arabia ndi boma la Pakistan. Kampaniyo inagwirizana ndi bungwe lotchedwa Awami Hajj Trust, lokhazikitsidwa ndi bomalo, kuti imange nyumba zogona anthu opita ku Mecca. Bungwelo litatha, oweruza a ku Paris analamula boma la Pakistan kulipira madola pafupifupi 20 miliyoni. Mu Novembala 2010 khoti lalikulu kwambiri la ku United Kingdom linakana kuvomereza chigamulocho ponena kuti bomalo silinali mbali ya panganolo, pamene mu Febuluwale 2011 khoti la apilo la ku Paris linaona nkhani yomweyo mosiyana n'kusiya chigamulo chili chilili. Atsibweni anamvetsera mwachidwi mpaka aloya anawasonyeza tsamba lomaliza la kontirakiti yathu, pamene panali siginecha yawo, chidindo cha bizinesi, ndi dzina langa monga mboni.

Chachiwiri ndicho chinatisowetsa tulo. Khoti litha kukana chigamulo ngati wogonja sanadziwitsidwe moyenera za kusankhidwa kwa woweruza kapena za mlandu womwe, kapena ngati analepheretsedwa mwa njira ina kupereka mbali yake. Atsibweni atamva izi nkhope yawo inawala, popeza ndi zoona kuti mlandu wonse unayenda iwo kulibe ndipo woweruza anamva mbali imodzi yokha. Aloya anafunsa funso limodzi, lakuti makalata ankapita kuti ndipo ankawatsegula ndani. M'chipindamo munati zii, ndipo atsibweni anayankha kuti iwo sadziwa za makompyuta. Tili m'galimoto pobwerera, titadutsa pa Nathenje, anayamba kulankhula motsitsa mawu. "Mphwanga, imelo imatayika. Netiweki ya kuno ukuidziwa. Ukangolemba kuti sunaone kanthu, akakutsutsa ndani?"

Sindinayankhe msanga, chifukwa munthu ameneyu ndi amene anandilipirira sukulu bambo anga atamwalira, ndipo kwathu mwana wa mlongo sayankha atsibweni ake mwachipongwe. Ndinawauza mwaulemu kuti pa kalata yachiwiri ija ndinayankha ndekha kuti talandira ndipo tikuganizira, ndipo yankho limenelo kampaniyo inaliphatikiza kale pa zikalata zimene inapereka kukhoti. Ndinaonjeza kuti umboni wa mtundu umenewu umaperekedwa pa chikalata cholumbira, ndipo kunama pa lumbiro ndi mlandu umene ungandigwere ine osati iwo. Koma kunena zoona, ngakhale yankho lija likanapanda kukhalapo, sindikanalemba bodzalo, ndipo ndikuganiza kuti iwonso ankadziwa. Anakhala chete mpaka pa Linthipe, pamene anangoti, "Chabwino, ndamva." Aloya atatiitananso anatifotokozera kuti lamulo limateteza munthu amene wamanidwa mpata wolankhula. Amene anapatsidwa mpata n'kusankha yekha kukhala kunyumba sangadandaule kuti sanamvedwe, ndipo woweruza amaloledwa kupitiriza mlandu iye kulibe malinga ngati anamudziwitsa chilichonse.

Ndinayesa kufunsa ngati kusowa ndalama si kulepheretsedwa. Kuti munthu wa pa Dedza akadziteteze ku Johannesburg amafunika loya wa kumeneko wolipidwa m'marandi, gawo lake la malipiro a woweruza, ndi ndalama zakunja zimene kubanki umazidikira nthawi yaitali. Aloya anati makhoti a m'maiko ambiri savomereza msanga dandaulo lotere kuchokera kwa wamalonda amene anasaina yekha, makamaka ngati sanalembe n'komwe kalata yopempha kuti mlandu umvedwe pa intaneti kapena pa zikalata zokha, zomwe masiku ano zimachitika kawirikawiri. Apa ndi pamene mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa kalata ya masamba awiri yofotokoza za theka la katundu amene tinatumiza, ndiponso yofunsa ngati kampaniyo inagula soya wotsalayo pa mtengo woyenera, ndikanatha kuilemba ndekha madzulo amodzi. Mwina sikanatipulumutsa, koma ikanachititsa woweruza kufufuza manambala amene anangowalandira opanda wowatsutsa.

Zifukwa ziwiri zinadutsa mofulumira. China ndi chakuti woweruza anasankhidwa, kapena mlandu unayendetsedwa, mosemphana ndi zimene awiriwo anagwirizana, mwachitsanzo pangano likunena oweruza atatu koma waweruza mmodzi. Lathu linkanena mmodzi, ndipo anali mmodzi. Chinacho ndi chakuti chigamulo sichinafike pomanga eni ake, kapena khoti la kumene chinaperekedwa linachiimitsa kapena kuchifafaniza, ndipo ife sitinapiteko n'komwe. Mwa ziwiri zimene khoti limaziona lokha, choyamba chimakhudza nkhani zimene lamulo la dziko sililola kuti ziweruzidwe ndi munthu wapadera, monga milandu yaupandu, ndipo malonda a soya sali m'gulu limenelo.

Chomaliza ndi chimene aliyense wogonja amathamangirako, chimene maloya amachitcha public policy, kutanthauza kuti kuvomereza chigamulocho kungaphwanye mfundo zikuluzikulu za chilungamo ndi makhalidwe zimene dziko limaimapo. Atsibweni anali ndi mfundo zawo zokonzeka: bizinesi ikagwa anyamata onyamula matumba adzasowa ntchito, alimi a ku Lobi adzasowa msika, ndipo madola ochepa amene dziko lili nawo adzatuluka kupita kwa anthu olemera kale. Zonsezi n'zoona kumbali yake, koma si zimene mawuwa amatanthauza. Kuyambira pa mlandu wa Parsons & Whittemore ndi kampani ya boma ya ku Egypt yotchedwa RAKTA, umene khoti la apilo la ku America linagamula mu 1974, makhoti ambiri amatsatira maganizo akuti chifukwa chimenechi chigwiritsidwe ntchito mopanikiza, pa zinthu zokhazo zimene zimanyansa chilungamo kuchokera pa tsinde, monga ziphuphu, chinyengo kapena malonda oletsedwa ndi lamulo. Kulakwitsa kwa woweruza pomasulira kontirakiti, ngakhale kuoneke poyera, sikufika pamenepo.

Chitsanzo cha zimene zimafikadi pamenepo ndi nkhani ya Nigeria ndi kampani ya Process & Industrial Developments. Mu 2010 kampaniyo inasaina pangano lomanga fakitale yokonza gasi ku Calabar, fakitale imene sinamangidwe. Mu 2017 oweruza a ku London analamula Nigeria kulipira madola 6.6 biliyoni, ndipo ndi chiwongoladzanja ngongoleyo inadutsa madola 11 biliyoni. Mu Okutobala 2023 jaji Robin Knowles wa khoti lalikulu ku London anapeza kuti zigamulozo zinapezedwa mwachinyengo, popeza panali ziphuphu kwa wogwira ntchito m'boma, umboni wabodza, ndiponso kampaniyo inkasunga zikalata zachinsinsi za maloya a Nigeria pamene mlandu unali m'kati. Nigeria inapambana ku London, kumene mlandu unaweruzidwira, ndipo zinaitengera zaka zofufuza ndi chuma chochuluka. Ife tinalibe ngakhale kachidutswa ka umboni wa chinyengo, ndipo aloya anatichenjeza kuti kutchula chinyengo m'khoti popanda umboni kumakwiyitsa jaji ndipo kumaonjezera ndalama zimene udzalipire.

Ndasiyira dala kumapeto chifukwa chimodzi mwa zisanu zija, popeza ndi chokhacho chimene chinatipatsa pogwira, ndipo chinapezeka chifukwa aloya anandituma kuti ndiwerenge chigamulo mzere ndi mzere, mabuku athu ali pambali. Khoti litha kukana chigamulo chimene chaweruza nkhani zimene awiriwo sanagwirizane kuti zipite kwa woweruzayo. Pa ndalama zimene tinalamulidwa kulipira ndinapeza gawo limene silinkakhudza soya. Miyezi ingapo kontirakiti itasainidwa, munthu wa kampaniyo anaimbira foni atsibweni kufunsa nyemba, ndipo anagwirizana pakamwa za lole imodzi yoyeserera. Nyembazo zitafika anadandaula kuti zinali ndi anankafumbwe, ndipo anaphatikiza dandaulo limeneli pa mlandu wa soya. Malonda a nyembawo analibe pepala lililonse lotchula arbitration, ndipo ndime ya m'kontirakiti yathu inkanena za mikangano yochokera m'kontirakiti imeneyo yokha. Aloya anati iyi ndi mfundo yeniyeni, ndipo kusapita kwathu ku mlandu sikutilanda ufulu woitchula, monganso boma la Pakistan linaloledwa kutsutsa mphamvu za oweruza pa nthawi imene Dallah inabwera kudzatolera. Anafulumira kutichenjeza kuti ndime yachisanu ija ya pangano la New York imalola khoti kudula gawo lopitirira malire n'kuvomereza lotsalalo, choncho za nyemba zikhoza kugwa koma za soya zidzaimabe.

Zitatero nkhani inasanduka masamu, ndipo masamu ndiye ntchito yanga. Gawo la nyemba linali laling'ono poyerekeza ndi ngongole yonse. Kulimbana m'khoti mpaka kumapeto, mwinanso mpaka ku khoti la apilo ku Blantyre, kukanatenga nthawi yaitali, ndipo tsiku lililonse chiwongoladzanja chimakwera pa ngongole ya madola pamene ife timapeza makwacha. Aliyense akukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo munthu amene ali ndi ngongole ya madola amadzuka m'mawa wotero ngongole yake itakula popanda kukongola kanthu. Tikanati tiyesebe kupempha khoti la ku South Africa mochedwa, n'kupempha la ku Lilongwe kuti lidikire kaye, ndime yachisanu ndi chimodzi ya pangano la New York imalola jaji kutilamula kuti tiike chikole choyenera, ndipo ndalama zimenezo zikanangokhala osagwira ntchito pa nyengo yogula mbewu. Tikagonja, masherifu akanabwera kudzatenga malole ndi matumba n'kukagulitsa pa mtengo wa okushoni, umene aliyense amadziwa kuti ndi wolira. Akuluakulu amati mlandu suola, koma wathuwu unkachita kubereka.

Pa masiku amenewo ndinakwiya ndi dongosolo lonseli, ndipo mbali ina ya mkwiyowo sinathe. Si chilungamo chokwanira kuti wamalonda wa pa Dedza ndi kampani yokhala ndi maloya ake olembedwa ntchito aonedwe ngati anthu ofanana mphamvu chifukwa chakuti onse anasaina. Makontirakiti ambiri a mbewu amabwera olembedwa kale, ena otengera mafomu a mabungwe a ku London monga GAFTA pa chimanga ndi nyemba kapena FOSFA pa mbewu zamafuta, ena otchula bungwe loyendetsa arbitration la AFSA la ku South Africa, ndipo wogulitsa wamng'ono amaopa kuti akafunsa zambiri wogula apita kwa wina. Komabe ndikaganiza mofatsa sindingafune kuti majaji athu azitsegulanso mlandu uliwonse wakunja chifukwa wogonjayo ndi Mmalawi. Tsiku lina atsibweni omwewa adzatumiza katundu kwa munthu wa ku Lusaka kapena ku Nairobi amene adzakane kulipira, ndipo adzafuna kuti khoti la kumeneko lilemekeze chigamulo chawo popanda kuwauza kuti ayambirenso. Ogula akunja nawonso amapereka mtengo wabwino, ngakhale ndalama zoyambira, kwa wogulitsa amene akudziwa kuti lamulo lingamufikire. Chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti malo oweruzira mlandu amakambirana monga mmene amakambirana mtengo. Tsopano kuli bungwe la Malawi International Arbitration Centre, limene linakhazikitsidwa ndi bungwe la maloya la Malawi Law Society pamodzi ndi la amalonda la MCCCI, ndipo palibe choletsa wogulitsa kupempha kuti mkangano udzamvedwe kuno, kapena kuti pa ndalama zochepa udzaweruzidwe pa zikalata zokha.

Aloya athu analembera anzawo a mbali inayo kalata yofotokoza mfundo ya nyemba, n'kunena kuti tili okonzeka kuitsutsa m'khoti koma tingakonde kukambirana. Kampaniyo nayo inawerengera zake, chifukwa ngakhale itapambana ikanayenera kudikira okushoni ndi kusaka madola otumizira ndalamazo kwawo. Patapita milungu ingapo inavomera kuchotsa gawo la nyemba ndi mbali ina ya chiwongoladzanja, ndipo ife tinavomera kuti chigamulo chotsalacho chilembedwe m'khoti mogwirizana, tizilipira m'magawo, ndi chenjezo lakuti tikaphonya gawo limodzi ngongole yonse idzafunika nthawi imodzi. Atsibweni anasaina pepala limeneli atandiuza kuti ndiwawerengere ndime iliyonse m'Chichewa, ndipo pa ndime ya kuphonya anandibwezera kawiri.

Kuti tipeze gawo loyamba tinagulitsa lole imodzi mwa zitatu, yakale ija imene anayambira nayo bizinesi, kwa munthu wina wonyamula mbatatesi pa Lizulu. Makwachawo tinawaika kubanki pamodzi ndi kope la chigamulo ndi chikalata cha khoti, ndipo pempho lathu la madola lili pamzere. Tsiku lolipira gawo lachiwiri likugwa pakati pa nyengo yogula soya, choncho chaka chino tatumiza masikelo ku Lobi ndi pa Chimbiya pokha, ndipo anyamata a ku Linthipe tawauza kuti adikire kaye.